Makontena obisira geocaching: ooda, osiya ndi kafikitsidwe kake kuno

Achimwene, mwati alendo ena ofika kunyanja ndi ku Mulanje akumafunsa za masewera obisa timabokosi otchedwa geocaching, ndiye mukufuna kudziwa makontena oyenera kuoda ku Joni, ngati sabedwa, komanso ngati geniyi ili ndi phindu. Ndiyambe ndi phindulo. Ochita masewerawa kuno ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ku South Africa kapena ku Ulaya, moti mukaika mpamba wonse pa katundu wa iwo okha, adzachita fumbi pashelefu. Odani makontena oti wamasewera akapanda kubwera, mayi wofuna posungira shuga kapena mchere agula. Mwayi wake ngwakuti kontena yabwino pamasewerawa ndi yomweyo ya kukhitchini.

Masewerawa adayamba pa 3 May 2000, pamene Dave Ulmer adabisa ndowa yakuda yapulasitiki kufupi ndi Portland ku Oregon, boma la America litangosiya kusokoneza dala GPS ya anthu wamba. Wobisa amaika kontena penapake, m'kati muli kabuku kosainamo, nalemba manambala a malowo pa Geocaching.com, ndipo ena amakaisaka ndi foni. Kumeneko makontena amawagawa pa kukula: micro ndi osafika mamililita 100, small ndi ofika lita imodzi, regular ndi lita imodzi mpaka malita 20, ndipo oposa apo ndi large. Wogula adzakutchulirani mayina amenewa, choncho aloweni pamtima. Malamulo awo amaletsa kukumba dzenje n'kukwirira, ndiye kontena imakhala m'mng'alu wa thanthwe, m'phanga la mtengo kapena pansi pa mulu wa miyala, mvula ndi dzuwa zikuisinthanasinthana chaka chonse.

Katundu wanu weniweni akhale makontena a zomangira zinayi, aja chivindikiro chake chili ndi makutu m'mbali zonse anayi komanso mphira m'mphepete. Dzina lodziwika ndi Lock & Lock ya ku South Korea, koma ofanana nawo adzaza ku Joni m'misika ya Dragon City ndi China Mall ndi m'masitolo a zapulasitiki okhaokha, ndipo apa m'pamene ambiri amagwa nazo. Tembenuzani kontena muone kachizindikiro ka makona atatu kunsi kwake. Nambala 5 kapena zilembo PP ndiye yoyenera, chifukwa pulasitiki imeneyi imapindika osathyoka. Nambala 6 ndi ija yowala ngati galasi, yolira mukaigogoda ndi chikhadabo; imakongola pashelefu koma imang'aluka ikangogwa. Kenako zulani mphira ndi chala. Yabwino imatuluka yathunthu ngati mkombero, n'kubwerera bwinobwino m'ngalande yake. Yotchipa imakhala kachingwe kodula komata ndi guluu pakona, ndipo madzi adzalowera pamfundo pomwepo. Makutu aja atsekeni ndi kutsegula kakhumi. Mukaona mzere wopindikira ukuyera, dziwani kuti khutulo lithothoka posachedwa, ndipo kontena yathothoka khutu limodzi yasanduka mbale.

Musaode katoni musanayese. Gulani imodzi ya mtundu uliwonse, ikanimo tishu youma, tsekani, mizani mu ndowa ya madzi mutaitsendereza ndi mwala, igone usiku wonse. M'mawa tishu ikakhala ndi kachinyezi ngakhale pang'ono, mtundu umenewo ndi wa kukhitchini basi. Za kukula, tengani kwambiri a pakati pa mamililita 350 ndi lita imodzi. Aakulu kuposa apo ngovuta kubisa ndipo amakopa maso.

Zosiya n'zambiri koma sizifuna kuchedwapo. Makontena a majarini ndi a ayisikilimu amauma ndi dzuwa n'kuyamba kufumbutuka. Zitini za mabisiketi zimachita dzimbiri mvula imodzi, chivindikiro n'kumamatira. Galasi limasweka. Mabotolo amene munali chiponde, jamu kapena uchi satha fungo ngakhale mutsuke kasanu, ndipo makoswe, nyerere ndi anyani adzawapeza wamasewera asanafike. Paipi ya PVC yotseka uku ndi uku imaoneka yolimba, koma imalowa madzi m'mazinga, imakanika kutsegula, ndipo m'mayiko ena apolisi akhala akuiyesa bomba.

Pa tating'ono, palibe choposa preform. Ndi kachubu kochindikala ka pulasitiki ya PET kamene fakitale imakatenthetsa n'kukafufumitsa kuti kakhale botolo la zakumwa. Kasanafufumitsidwe kamaoneka ngati kachubu ka ku labotale, khoma lake lochindikala moti ukhoza kukaponda osasweka, ndipo kamatsekedwa ndi chitsekero cha botolo lapulasitiki la zakumwa. Mumatipeza kwa ogulitsa mabotolo ndi zopakira, osati m'masitolo a ziwiya. Khosi lofala ndi la mamilimita 28, koma lili mitundu iwiri, 1810 ndi 1881, ndipo mazinga ake amasiyana. Ndiye odani zitsekero pamalo pomwepo, ndipo yesani kutseka zingapo muli pa kauntala. Tengani zitsekero zochuluka kuposa machubu, pakuti chimayamba kutha ndi dzuwa ndi chitsekero. Ubwino wina wa preform ngwakuti palibe amene amaisirira. Simungasungiremo mchere wokwanira ndiwo za sabata.

Apa tafika pa nkhani ya kuba, ndipo ndi imene iyenera kulamulira kaodedwe kanu. Ku America chimene amachitama koposa ndi bokosi lachitsulo la zipolopolo limene asilikali adamaliza nalo. Kunena zoona silidontha: lili ndi mphira m'chivindikiro ndi loko wokanikiza mwamphamvu, ndipo fisi sangalitafune. Koma taliganizirani kuno. La zipolopolo za saizi ya .50 limalemera kupitirira makilogalamu 2 lili lopanda kanthu, silowetsana ndi linzake, ndiye mumalipira transipoti ya chitsulo ndi mpweya. Lili ndi malemba achikasu achisilikali m'mbali, ndipo mukudutsa nalo Beitbridge, Nyamapanda, Zobue ndi malodibuloko a pakatipo. Mafunso ake akhoza kuchedwetsa basi yonse. Likafika n'kubisidwa, woyamba kulipeza, kaya ndi mnyamata woweta mbuzi kaya mayi wotola nkhuni, wapeza bokosi la masipanala kapena chitsulo chopita nacho pa sikelo. Ngati wina waliitanitsa, alipire yonse musananyamuke, malembawo afutidwe ndi penti lisanapakidwe, likhale lotsegula ndi lopanda kanthu, ndipo lisiti lake likhale m'thumba mwanu.

Kumayiko kumene masewerawa adayambira, kontena yopanda kanthu ndi chinyalala. Kwathu kuno ngakhale botolo la mafuta ophikira lili ndi mtengo pamsika. Wotola kontena yoyera ya malita awiri patchire sadziona ngati wakuba, watola. Choncho luso lili pa kuichotsa ulemerero isanabisidwe. Ikwecheni kunja ndi sandipepa mpaka kuwala kuthe, ipakeni penti yosawala, yotuwa kapena yamtundu wa dothi. Pa PP penti wamba imasupuka, ndiye yambani ndi pulayima ya pulasitiki, apo ayi ikulungeni ndi tepi yansalu. Mphira, ngalande yake ndi mizere ya makutu musapake. Phimbanipo ndi tepi yapepala popopera. Pentiyo imatchinganso dzuwa, lomwe ndi limene limaumitsa pulasitiki. Siyani kawindo kosapaka kukula ngati bokosi la machesi kuti munthu athe kusuzumira m'kati asanatsegule.

Kawindo kameneko kali ndi chifukwa chimene alendo sachidziwa. Tayerekezani munthu wa m'mudzi akupeza kabotolo kakuda kobisidwa patsinde pa mlambe, m'kati muli pepala lopinda la mayina a anthu ndi madeti. Ganizo lake loyamba silikhala la masewera. Aganiza kuti wina watchera mankhwala, ndipo kabotoloko katenthedwa tsiku lomwelo, mwinanso nkhani ifika kubwalo. Uzani ogula anu kuti alembe kunja mawu akuti Geocache, aike m'kati kapepala ka Chichewa kofotokoza kuti ndi masewera ndipo mulibe ndalama, komanso apemphe kwa mwini malo ndi kwa amfumu. Kumanda, kudambwe ndi pamphambano asayerekeze n'komwe. M'nkhalango za boma ndi m'malo osungira nyama chilolezo chimachokera kwa oyang'anira malowo. Mlonda kapena woperekeza alendo akadziwa kuti chinthucho chimabweretsa anthu, amachiteteza kuposa loko.

Adani ena alibe manja. Kuyambira August mpaka mvula itagwa, tchire limapsa, osaka mbewa akuyatsa ndi kutembenuza mwala uliwonse. Pulasitiki ya m'udzu imasungunuka, ndiye malo abwino ndi pathanthwe lopanda udzu, m'mwamba pang'ono. Chiswe sichidya pulasitiki, koma chimaimata dothi, ndipo chikapeza mpata kabuku konse katha. Anyani a ku Zomba ndi ku Cape Maclear amatsegula makutu aja bwinobwino, n'chifukwa chake chakudya, maswiti, sopo ndi chilichonse chonunkhira n'zoletsedwa m'kati. Kawaya kachitsulo komangirira ku muzu kamathandiza pa anyani ndi madzi osefukira, osati pa munthu. Ndipo kontena yosadontha nayonso imanyowa m'kati ikatsegulidwa mvula ikugwa, chinyezi n'kutsekeredwa momwemo. Mankhwala ake ndi kabuku ka pepala losanyowa, monga la Rite in the Rain, pensulo m'malo mwa bolopeni, ndi kathumba ka zipi. Timathumba timeneti sankhani tochindikala: lamulo la kuno limaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60, ndiye funsani kuchindikala kwake musanalipire.

Tsopano ulendo. Makontena ndi opepuka koma amadya malo, ndipo a basi ndi matransipota amatchaja poona kukula kwa chikwama, osati kulemera kokha. Sankhani a makona anayi otsetsereka m'mbali, olowetsana wina m'mnzake. Vundukulani onse, sanjani matupi khumikhumi, zivindikiro muzimange pazokha zitagona pakati pa makatoni awiri. Zimathyoka ndi zivindikiro, makamaka makutu, chikwama chanu chikakhala pansi pa matumba a ena m'ngolo kwa masiku awiri. Mpata wa m'kontena yapamwamba thiranimo ma preform. Gwiritsani katoni yolimba, muilowetse m'chikwama cha shangani, muzunguze tepi, mulembe dzina ndi foni mbali ziwiri. Werengani matupi ndi zivindikiro padera, mulembe, mujambule musanatseke, chifukwa katundu wosowa panjira kawirikawiri si chikwama chonse koma mtolo umodzi wosololedwa pamene zikwama zatsitsidwa kuti ziunikidwe. Pa boda paliponse potsitsa katundu, imani pafupi ndi wanu mpaka akwezedwenso.

Pa Mwanza kapena pa Dedza, a MRA amafuna lisiti looneka bwino, lolemba mtundu wa katundu, chiwerengero ndi mtengo. Mashopu ambiri a m'misika ya ku Joni amangolemba kapepala ka pamanja; limbikirani kuti akupatseni lenileni, apo ayi ofesala adzaika mtengo wake womwe. Lembani zoona: makontena apulasitiki osungira chakudya. Mawu akuti geocaching sathandiza aliyense pa kauntala. Dziwaninso kuti kugula ku South Africa sikutanthauza kuti katunduyo ndi wa ku South Africa. Kuchotsera msonkho kwa SADC kumakhudza zopangidwa m'mayiko a SADC, zokhala ndi satifiketi yosonyeza kumene zidapangidwa; zolemba Made in China kapena Korea zimalipira msonkho wonse, ndipo VAT imabwera pamwamba. Njira yophweka ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono pano sikuthandizani, pakuti South Africa si membala, chimodzimodzi Tanzania ngati mungaganize zokaoda ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Funsani mlingo wa msonkho musananyamuke, chifukwa umasintha ndi bajeti.

Poika mtengo, phatikizani wogulira, transipoti, msonkho ndi gawo la ulendo wanu, mugawe ndi makontena amene afika amoyo, osati amene mudagula. Werengerani pa mtengo wa randi umene mudzagulire ulendo wotsatira. Amene adaona kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 akudziwa kuti phindu la pepala likhoza kulephera kubweza katundu yemweyo. Kwa wamasewera musagulitse kontena yokha. Mangani phukusi: kontena yokwecha ndi kupenta kale, kabuku, pensulo yodula pakati kuti ikwane, kathumba ka zipi ndi kapepala ka Chichewa ndi Chingerezi. Ntchito ya manja anuyo ndiyo imakweza mtengo. Wobisa malo atatu mumuuze agule zinayi, yachinayi ikhale yosinthira ikasowa ina, ndipo mitundu yanu ikhale iwiri kapena itatu yokha kuti chivindikiro ndi mphira za kontena yosweka zikwane pa inzake.