Stranded Deep: ndikufa ndi ludzu tsiku lachitatu, nditani?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mchimwene wina wa ku Area 25 amene wayamba kusewera gemu ya Stranded Deep pa PS4. Akuti safika patali: pofika tsiku lachitatu amakhala atafa ndi ludzu, akamwa makokonati amatsegula m'mimba, ndipo bwato lake linatengedwa ndi mafunde usiku woyamba. Akufunsa kuti ayambire pati.

Achimwene, gemu imeneyi, imene inapangidwa ndi a Beam Team Games a ku Australia n'kutuluka koyamba pa kompyuta mu 2015, siifuna liwiro. Ndege yanu yagwa m'nyanja ya Pacific, mwatsala nokha pa kachilumba, ndipo zambiri zimene zili pamenepo zikatha zatha. Miyala siibwereranso. Mtengo wa kokonati mukaugwetsa suphukanso. Ambiri amafa chifukwa choyamba ndi kumanga nyumba yaikulu, madzi asanawaganizire.

Za bwato ndi zachidule: mukangofika, likokereni pamchenga, nkhafi muisunge pamalo amodzi.

Tsopano madzi, pamene pagona nkhani yonse. Kokonati ndi wongokugwirizizani poyamba. Mukamwa kapena kudya opitirira awiri motsatizana, m'mimba mumasokonekera, ndipo madzi amene mumafuna kusunga m'thupi aja amatuluka onse. Imwani awiri, kagwireni ntchito ina, mubwerenso. Koma chokupulumutsani ndi water still, chipangizo chotcherera madzi abwino. Chimangeni tsiku loyamba lomwelo ngati n'kotheka, ndipo musaiwale kuti sichigwira ntchito chokha: pansi pake pamafunika masamba a kokonati kapena fibrous leaves (masamba aulusi monga a chomera cha yucca), ndipo akatha muyikenso ena.

Apa ndi pamene yucca imakhala chuma. Ndi chomera chooneka ngati khonje, ndipo ntchito yakenso ndi yomweyo: masamba ake anayi amapota chingwe chimodzi, ndipo popanda chingwe simupanga nkhwangwa, msasa ngakhale water still yomweyo. Ubwino wake ndi woti mukaidula imaphukanso pakapita masiku ochepa. Ine ndimati chilumba chabwino kukhazikikapo ndi chimene chili ndi yucca wambiri, osati chokongola. Mukapanga khasu, dzalani yucca wina m'dimba pafupi ndi msasa, muziwathirira. Dzalaninso chomera chotchedwa pipi, chifukwa ndi chimene chimapanga mankhwala mukalumidwa ndi njoka kapena mukaponda zaminga zapoizoni za m'madzi osaya. Anthu ambiri amazindikira kufunika kwa pipi atalumidwa kale, pamene palibe nthawi yokamusaka.

Muziyang'ana wotchi yapamkono pafupipafupi. Imakuuzani za njala, ludzu, thanzi ndi dzuwa. Masana dzuwa likaswa mtengo khalani pamthunzi n'kumapota zingwe. Aloe amateteza khungu, koma mthunzi ndi waulere.

Chakudya sichivuta kwenikweni. Nkhanu ndi tinsomba zili mbwee m'mphepete, ingoziwotchani. Mukapha nguluwe, wambani nyamayo pa smoker, chipangizo chowambira nyama ndi utsi, kuti isawonongeke msanga.

Msasa umangidwe dzuwa lisanalowe, chifukwa ndi pomwe mumasevera gemu. Ife a ku Lilongwe tikudziwa mmene magetsi amathimira osatsanzika, choncho sevani musanapite kukasambira m'zombo zomira, sevaninso mukabwerako. M'zombomo muli nsalu, kampasi, zida ndi mbali za injini, koma shaki amazungulira pomwepo. Akakulumani mumataya magazi mpaka mutamanga bandeji, ndiye musalowe m'madzi akuya mulibe imodzi m'thumba.

Musanapalase kupita ku chilumba china, onani pa kampasi mbali imene mukulowera, muilembe papepala. Zilumbazi zimafanana kwambiri mukaziona patali. Za zilombo zitatu zikuluzikulu za m'nyanja, Meg, Lusca ndi Abaia, zimene muyenera kugonjetsa kuti mukonze ndege ili pa chombo chankhondo n'kuthawa, zisiyeni kaye mpaka mutakhala ndi water still ziwiri, dimba la mbatatesi zopangira mafuta a injini, ndi bwato lalikulu loti shaki sangaligubuduze.