Za Zanzibar: Nungwi kapena Paje?

Achemwali, mwafunsa ngati musungitse malo ku Nungwi kapena ku Paje. Ine ndingakuuzeni Nungwi. Ku Paje nyanja ikaphwera madzi amathawira kutali, mumangoyenda pamchenga ngati mukupita kumunda, pomwe ku Nungwi ndi ku gombe loyandikana nalo la Kendwa mumasambira tsiku lonse. Kuchoka pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg kukafika ku Zanzibar ndi maola osapitirira anayi pandege yachindunji.

Zowonera nsomba ndi magalasi aja, kwerani boti m'mamawa kupita ku kachilumba ka Mnemba. Koma musayese ngati ku Cape Maclear kumene tinkaonera mbuna, uku madzi ndi amchere, akalowa mupaipi yopumira amawawa kukhosi. Valani nsapato zam'madzi, pansi pali tizilombo taminga, ine tinandilasa kuphazi. Epulo ndi Meyi musapite, ndi mvula yokhayokha.