Fayilo ya .key ikukana kutseguka pa Windows

Achemwali, mwafunsa za masilaidi amene akutumizirani, dzina lake lothera ndi .key, ndipo PowerPoint ikuwakana. Mtima pansi, fayiloyo sinawonongeke. Inapangidwa ndi Keynote, pulogalamu ya Apple ya pa Mac, iPhone ndi iPad, ndipo PowerPoint siitha kuwerenga mtundu umenewu. Musataye nthawi n'kusintha dzina kuti lithere ndi .pptx. Kumeneko n'kusintha chikuto chokha, zam'kati zikadali za Keynote.

Yambani mwaona kukula kwake. Masilaidi okhala ndi zithunzi amafika ma MB angapo. Ikakhala ya ma KB awiri kapena atatu okha, mwina si masilaidi n'komwe, chifukwa .key imapezekanso pa mafayilo a makiyi achitetezo ndi a malayisensi.

Njira yachangu ndi kubwerera kwa amene anatumiza. Atsegule fayiloyo mu Keynote, adine File, kenako Export To, asankhe PowerPoint. Ngati mukungofuna kuwerenga kapena kusindikiza, asankhe PDF, poti imeneyo sisuntha kalikonse.

Akapanda kupezeka, tsegulani Chrome kapena Edge mulowe pa icloud.com. Pakufunika akaunti ya Apple, koma ndi yaulere ndipo safuna kuti mukhale ndi iPhone. Mukalowa sankhani Keynote, kokerani fayiloyo pa tsambalo, dikirani ikwere yonse. Pakachithunzi kake pali timadontho titatu. Dinani pamenepo, musankhe Download a Copy, kenako PowerPoint. Ifeyo timalimbikitsa njira imeneyi chifukwa wotembenuza fayiloyo ndi Keynote mwini wake. Kumbukirani kuti bandulo idyeka kawiri, pokweza ndi potsitsa, makamaka ngati muli mavidiyo.

Mukatsegula .pptx yatsopanoyo, yenderani silaidi iliyonse musanakaime pamaso pa anthu. Zilembo za pa Mac monga Helvetica Neue ndi Avenir sizibwera ndi Windows, choncho PowerPoint imaikapo zina zokulirapo kapena zocheperapo. N'chifukwa chake mutu umene unali mzere umodzi umathyoka kukhala iwiri, kapena mawu amasefukira pa chithunzi. Konzani kamodzi ndi Replace Fonts, muike Arial kapena Calibri. Kayendedwe kena ka masilaidi kamasowa, zimenezo ingozilandirani.

Popanda intaneti, pulogalamu ina ya masilaidi yotchedwa LibreOffice Impress imayesa kutsegula .key, ngakhale kuti zinthu zimasokonekera malo. Palinso kanjira kosuzumira m'kati. Mu File Explorer pitani pa View, muchonge File name extensions (pa Windows 11 ili pansi pa Show). Koperani fayiloyo, ndipo pa kopeyo sinthani .key ikhale .zip, n'kutsegula. Mupeza preview.jpg, chithunzi cha silaidi yoyamba yokha, ndi foda ya Data mmene muli zithunzi ndi mavidiyo. Mawu enieni ali mu foda ya Index, m'mafayilo a .iwa amene simungawawerenge.

Za mawebusayiti otembenuza mafayilo, samalani. Fayilo yanu imapita pa kompyuta za anthu osawadziwa, ndiye ngati muli bajeti ya kuntchito kapena mayina a anthu, musaikeko. Ndipo mukayatsa File name extensions muja n'kuona kuti dzina likuthera ndi .exe, musadine, imeneyo ndi pulogalamu osati masilaidi. Ifufuteni, muwadziwitse amene anatumiza.