Kwa achimwene a zaka 34 ofuna kuthamanga cross country

Achimwene, mwafunsa ngati pa zaka 34 mungalimbane ndi anyamata pa cross country (mpikisano wothamanga m'tchire, osati pamsewu) ya mu February, poti inu munazolowera makilomita 10 a pa tala, kapena mungodikira chaka chamawa mudzalowe gulu la masters, la othamanga achikulire. Ine ndikuti lowani chaka chino chomwe. Zoonadi, malamulo a World Masters Athletics amati gululo limayambira pa zaka 35, amuna ndi akazi omwe, koma musadziike m'gulu la madala nthawi isanakwane. Carlos Lopes wa ku Portugal anapambana mpikisano wa dziko lonse wa cross country mu 1984 ali ndi zaka 37, n'kubwerezanso mu 1985.

Chimene chimasintha pa msinkhu wanuwu si liwiro kwenikweni ayi, koma nthawi imene thupi limatenga kuti libwerere m'chimake. Mnyamata wa zaka 20 athamanga mwamphamvu lero, mawa adzuka ali gwa. Inu mukatero masiku atatu otsatizana, akatumba ndi mtsempha wa kuchidendene zikuuzani. Ndiye masiku olimba akhale awiri okha pa sabata, osagundizana. Masiku enawo thamangani pang'onopang'ono moti mutha kucheza ndi mnzanu osawefuka, ndipo tsiku limodzi muzipumuliratu.

Nkhani yaikulu ndi nthaka. Pa tala phazi limatera mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mu cross country muli udzu wonyowa, matope, tizigwembe tobisika, chitunda pamene mwatopa kale. Chokani pamsewu kuyambira sabata ino. Pezani bwalo la mpira la sukulu ya pulaimale, lija lokhala ndi zithaphwi mvula ikagwa, kapena njira za kumunda. Tsiku lolimba loyamba, pezani chitunda chokwera mphindi imodzi, mukwere mwamphamvu ka 6, potsika muziyenda kapena kuthamanga mwaulesi. Sabata zikamapita mufike ka 10. Tsiku lolimba lachiwiri, pa udzu, mphindi 3 mwamphamvu, mphindi 2 mopepuka, kasanu. Wotchi ija yowerengera mphindi pa kilomita muiiwale kaye, chifukwa m'matope ingokukhumudwitsani chabe. Muzimvera kapumidwe kanu.

Madzulo imani pa sitepe ya pakhonde, zidendene zili panja, mukwere ndi zala n'kutsika pang'onopang'ono ka 15, katatu. Anthu amazinyozera zimenezi poti sizitulutsa thukuta, komatu ndi zimene zimateteza mtsempha uja.

Za ma spikes, nsapato zothamangira zokhala ndi timisomali kunsi: mukawapeza pa kaunjika gulani, amathandiza poterera, koma alibe chidendene chokwera ngati nsapato zanu za pamsewu, choncho amakoka akatumba kwambiri. Ayambeni mphindi 10 zokha pa udzu, kenako muziwonjezera. Zingwe mangani kawiri. Si zachilendo kuona munthu akubwerera kukazula nsapato m'thope anzake akupita.

Tsiku la mpikisano, anyamata adzanyamuka ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Alekeni. Kumbukirani za Joshua Cheptegei wa ku Uganda pa mpikisano wa dziko lonse wa cross country ku Kololo, mumzinda wa Kampala, mu 2017. Anatsogola patali, anthu akwawo akukuwa, koma chakumapeto miyendo inakana, anayamba kudzandira, Geoffrey Kamworor wa ku Kenya n'kumupitirira. Anamaliza pa nambala 30. Anali ndi zaka 20 zokha, ndipo anadzapambana mpikisano womwewo mu 2019 ku Aarhus, m'dziko la Denmark. Ngati phuma linagwetsa munthu ngati ameneyo, inu raundi yoyamba yozungulira njirayo muithamange modzigwira, anthu mudzawatola m'maraundi awiri omaliza, makamaka pamwamba pa chitunda pomwe ambiri amafuna kupumira.

Sabata yomaliza chepetsani mtunda ndi theka. M'mawa wa tsiku la mpikisano idyani phala kapena mbatata ndi tiyi maola atatu mpikisano usanayambe. Nsima mudzadya mukamaliza. Fikani msanga muyende njira yonse, muone pomwe pali thope lakuya ndi pokhota, kenako mutenthetse thupi mphindi 20, osati zisanu zija munkachita kusekondale.

China, poti ino ndi nyengo ya udzudzu: mukamva kuphwanya m'thupi kapena kutentha, musati n'kutopa kwa training, kayezetseni malungo ndipo musathamange mpaka mutachira. Muli kuchipatalako awuzeni akuyezeninso BP.