Yankho kwa achemwali amene anauzidwa kuti m'mimba munalibe mwana

Achemwali, pepani kwambiri. Mwati munataya magazi miyezi itatu ya pakati, sikani inasonyeza kuti mulibe mwana koma tinthu tonga mphesa, anakukolopani, ndipo mukufunsa chifukwa chake akukuletsani kutenga pakati msanga. Apongozi akuti ndi zamatsenga. Ayi, sizamatsenga, komanso palibe chimene munalakwitsa.

Madokotala amati molar pregnancy. Vuto limayambira tsiku lomwe umuna wakumana ndi dzira. Nthawi zina dziralo limakhala lopanda mbewu ya mayi, nthawi zina maumuna awiri amalowa m'dzira limodzi. Zikatero nsengwa imangokula yokha n'kusanduka timatuza tamadzi. N'chifukwa chake ambiri amasanza modetsa nkhawa, mimba n'kumaoneka yaikulu kuposa miyezi yake, popeza mahomoni a pakati otchedwa hCG amachuluka zedi. Zimakonda kugwera atsikana aang'ono ndi amayi opitirira zaka 40.

Tsono mvetsetsani apa. Kukolopa sikuti nkhani yatha. Mwa amayi 100 amene anali ndi mtundu wopanda mwana n'komwewu, pafupifupi 15 amatsalira tizidutswa timene timapitiriza kukula, ndipo mwa ochepa timasanduka khansa ya choriocarcinoma, yomwe imathamangira ku mapapo. Njira yodziwira ndi kuyeza hCG mobwerezabwereza mpaka itatsikiratu. Mukatenga pakati pena, hCG ikweranso, ndiye adokotala adziwa bwanji ngati ndi mwana kapena chotupa? Chifukwa chake n'chimenecho. Kawirikawiri amati mudikire miyezi 6 zotsatira zitakhala bwino, kapena chaka ngati munalandira mankhwala a khansa. Mapiritsi, jakisoni kapena implanti zili bwino, koma lupu dikirani kaye. Kambiranani ndi bambo a kunyumba, mwina mupite nawo akadzimvere okha.

Khansa imeneyi musaiope mopitirira, ndi imodzi mwa zimene zimachizika bwino kwambiri, ambiri amachira ndi mankhwala otchedwa methotrexate okha, chiberekero osachotsedwa. Choopsa ndi kujomba tsiku loyezetsa chifukwa mukupeza bwino. Magazi akapanda kusiya, mukayamba kutsokomola magazi, kubanika kapena mutu waukulu, musadikire tsikulo. Pemphani kalata yopita ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu, buku lanu lakuchipatala lili m'manja.

Za kubereka, ambiri amaberekanso bwinobwino. Vutoli limabwereza kwa mayi pafupifupi mmodzi yekha mwa 100. Pakati potsatira mudzangoyamba sikelo msanga ndi kuwauza azamba za mbiriyi kuti akupangeni sikani koyambirira.