Kodi boma limamvera ndani posankha mayiko opalana nawo ubwenzi?

Aphunzitsi ena a ku Luchenza anditumizira funso pa imelo: "Mfundo za ubale wathu ndi mayiko akunja amakonza ndani? Ife anthu wamba tili ndi mawu pamenepo?"

Aphunzitsi, tiyambire pa Kamuzu. Mu 1967, mayiko ambiri a mu Africa akuisala South Africa chifukwa cha tsankho, iye anakhazikitsa nayo ubale wa ukazembe. Maganizo ake anali oti dziko losauka, lopanda doko, silisankha bwenzi potsata mtima. Ngongole yoyambira kumanga likulu ku Lilongwe inachokera komweko.

Bingu, mwana wa kuno ku Thyolo, anatsatanso chuma. Kumapeto kwa 2007 anasiya Taiwan, bwenzi lathu kuyambira 1966, n'kutembenukira ku China. Mukadzapita cha ku Goliati, mukaone nyumba za yunivesite ya MUST pa Ndata: zipatso za chisankho chimenecho ndi zimenezo. Mu 2011 yemweyo anathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, thandizo la bajeti linaima, ndipo ndani waiwala mizere ya mafuta ya chaka chimenecho?

Pamwamba zimaoneka ngati pulezidenti amaganiza yekha. Koma alipo amene amalowa mu ofesi ya nduna osadikira pabenchi. Taonani za fodya. Pangano lochepetsa kusuta la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, linayamba kugwira ntchito mu 2005, ife tinalowamo mu 2023. Zaka zonsezo makampani ogula fodya ndi mabungwe a alimi ankakumbutsa boma kumene ndalama zakunja zimachokera. Sindikuwanena, poti alimiwo ndi abale athu. Ndikungoti mawu awo anamveka chifukwa anali pagulu, ndipo anali ndi chuma. Nawo maepiskopi a Katolika anamveka ndi kalata yawo ya mu Malichi 1992, opereka thandizo n'kuumitsa dzanja, referendamu n'kubwera mu 1993.

Chimene chimandiwawa chili kuno ku tiyi. Eni maesiteti ali ndi Tea Association of Malawi, yoti ikalankhula za misonkho ndi misika yakunja, boma limatchera khutu. Mayi amene amalowa m'munda kukadali mame, dengu kumsana, masamba ake n'kukayezedwa pasikelo masana, malipiro ake amadalira mtengo wa ku okushoni ya ku Limbe ndi ogula a ku London. Ali ndi bungwe la antchito a m'minda, inde, koma nkhani za misika yakunja zikamakambidwa iye amangomva zitatha.

Choncho aphungu anu akadzabwera ku msonkhano ku Luchenzako, musangowafunsa za mjigo. Afunseninso kuti ngongole zakunja zimene anavomereza ku Nyumba ya Malamulo tidzabweza motani.