Musanaikweze Suzuki yanuyo, imvani za Land Rover yanga

Achimwene, imelo yanu yatha masabata awiri osayankhidwa. Ndinkati ndikaitsegula n'kuwerenga mizere itatu yoyamba, mtima unkalemera, ine n'kuitsekanso. Mwati muli ndi Suzuki SJ413, galimoto yanu yoyamba yolowa nayo m'tchire, ndipo anzanu akukuuzani kuti muikweze n'kuiveka matayala akuluakulu, apo ayi muigulitse mugule yaikulu. Mukufunsa kuti ndikanakhala ine ndikanatani. Ine ndinachita zonse ziwiri, kuyamba ndi kukweza, kutsiriza ndi kugulitsa, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Yanga inali Land Rover Series III ya 1978, yaifupi ija ya mainchesi 88 kuchokera pa matayala akutsogolo kufika pa akumbuyo, ya injini ya petulo ya malita 2.25. Penti yake yobiriwira inali itafwifwa moti ukaitsamira malaya ankatenga mtundu. Anandigulitsa ndi bambo wina wachikulire amene maondo anali atayamba kuwakaniza kuponda kalachi. Tsiku lokaitenga sanafulumire kundipatsa makiyi. Anandikhazika pampando wa dalaivala, iwo ataima pachitseko, n'kuyamba kundilozera ndodo za magiya imodzi ndi imodzi. "Ya mutu wachikasuyi ukaidinikiza pansi, matayala onse anayi ayamba kukoka. Ya mutu wofiirayi ukaikokera kumbuyo, walowa giya yamphamvu, galimoto izikwawa ngati kamba koma chitunda sichingaiopse. Ukangofika pa tala, kokera yofiira kumbuyo n'kuibwezera kutsogolo, yachikasu idumpha yokha." Anandiuzanso chifukwa chake. Pakati pa ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo palibe difu, magiya aja olola matayala kuzungulira pa liwiro losiyana, ndiye pamsewu wouma, pomwe tayala silingaterereke, zitsulo zimapotana mpaka china chithyoke. Pomaliza anandigwira paphewa. "Mwana wanga, uiyendetse chaka chathunthu usanaisinthe kalikonse."

Ndinapirira miyezi isanu yokha.

Miyezi isanu imeneyo ndi imene ndimailota. Pa tala galimotoyo inali yaphokoso, ikafika makilomita 80 pa ola wokhala naye pambali umachita kumukuwira. Mphamvu za injini zinali pafupifupi mahosipawa 70. Chiwongolero chinalibe pawa, pokhota pamalo opanikizika mikono inkamva. Mphepo inkalowera pa timazenera tiwiri ta pansi pa galasi lakutsogolo, pamodzi ndi fumbi lomwe. Koma tala ikangotha, kugwedera konse kuja kunkayamba kundiuza zinthu. Tayala lakumbuyo likayamba kuterereka ndinkalimva m'chiuno maso asanaone. Ndinaphunzira kutsika n'kuwoloka kaye mtsinje wapansi, ndodo m'manja, kufufuza pali mwala ndi pali dzenje. Ndinaphunzira kuti mumchenga umaphwetsako matayala kuti aponde motambalala, ndipo susintha giya pakati pa mchenga, chifukwa ukangoponda kalachi liwiro latha, wakhala pansi. Pamtsetse woterera ndinaphunzira chimene munthu wamantha chimamuvuta koposa: kuika giya yoyamba yamphamvu ija n'kuchotsa mapazi onse awiri, injini izigwira yokha galimoto.

Tsiku lina mvula itagwa usiku wonse ndinapeza magalimoto awiri akuluakulu, atsopano, atakanika patsinde pa chitunda cha dothi la makande. Matayala awo otambalala anali atadzaza matope, akungozungulira pamodzimodzi. Ndinaika giya yachiwiri yamphamvu, n'kuyamba kukwera osaponda moto kwambiri. Timatayala tanga towonda ta 6.00x16 tinkadula matope mpaka kupeza nthaka yolimba pansi pake. Nditafika pamwamba ndinazimitsa injini, n'kukhala phee, kumvera mvula ikugogoda padenga ndi injini ikuthetheka pozizira. Tsiku limenelo pagalimoto panalibe bawuti ngakhale imodzi imene ine ndinawonjezera.

Chinandisokoneza mutu ndi zithunzi. Kunali mpikisano wa magalimoto a m'tchire wa Camel Trophy, umene unkachitika kuyambira 1980 mpaka 2000, ndipo zithunzi zake zinali ponseponse: magalimoto achikasu ngati mchenga m'nkhalango za ku Borneo ndi ku Amazon, winchi (makina a chingwe odzikokera galimoto ikatitimira) kutsogolo, magetsi anayi padenga, katundu atamangidwa pamwamba. Ndinkayang'ana zithunzizo kenako n'kuyang'ana yanga, n'kuiona ngati yosavala. Sindinaganizeko kuti magalimoto amene aja ankatsatiridwa ndi amakaniko ndi zitsulo zosinthira, ndiponso kuti ulendo wake unali wa masabata owerengeka. Yanga inkafunika kudzuka Lolemba lililonse.

Ndinayamba ndi matayala. Ndinachotsa 6.00x16 n'kuika 7.50x16, amene amavala yaitali ija ya mainchesi 109. Tayala limeneli ndi lalitali kuposa linzake ndi mainchesi pafupifupi 3, ndiye difu ya pa ekiselo, imene imakhala pafupi kwambiri ndi nthaka, imakwera ndi theka la pamenepo, inchesi imodzi ndi theka basi. Mtengo wa inchesi imodzi ndi theka imeneyo ndi uwu: tayala likakula ndi gawo limodzi mwa magawo 10, mphamvu yofika pansi imachepanso chimodzimodzi. Chitunda chimene ndinkakwera pa giya yachitatu chinayamba kufuna yachiwiri. Sipidomita inayamba kunama, kuonetsa liwiro lochepa. Kenako ndinakweza thupi potalikitsa zitsulo zokolekera masipuling'i. Apa mumvetsetse achimwene, chifukwa ambiri sauzidwa. Pagalimoto ya ekiselo yathunthu, ngati yanga ija ndi yanuyo, kukweza masipuling'i sikukweza difu ngakhale pang'ono. Mwala umene unkagunda difu dzulo uigundanso mawa. Chimene chapita m'mwamba ndi thupi lolemera la galimoto, ndipo pamalo opendekeka mudzachimva m'mimba. Shafuti yopita kumbuyo inayamba kugwira ntchito itapendama, majoini ake n'kumatha msanga, chiwongolero n'kuyamba kuyendayenda pa tala.

Mphamvu zitachepa, m'malo mobwezera matayala akale ndinati vuto ndi injini. Ndinapeza 200Tdi, dizilo ya tebo imene inayamba kutuluka mu Land Rover Discovery mu 1989, ya mahosipawa opitirira 100. Makaniko amene anandiikira anandichenjeza kawiri konse kuti giyabokosi ndi ma hafushafuti (zitsulo zotengera mphamvu kuchokera ku difu kupita ku matayala) a mano 10 a galimoto ya 1978 sanapangidwire mphamvu zotero. Ndinamuuza kuti ndiziponda mosamala. Hafushafuti yoyamba inathyoka patatha miyezi iwiri, pamiyala, tayala lalikulu lija litazungulira m'malere n'kugwira mwadzidzidzi. Kulira kwake ndi kumodzi, thwa, kenako zii. Ndinabwerera kunyumba akukoka ndi matayala akutsogolo okha. Yachiwiri inathyoka chaka chisanathe. Ndinawonjezeranso winchi, bampala yachitsulo cholemera, chitsulo chonyamulira katundu padenga, batire yachiwiri. Chilichonse chimene ndinkaika chinkakankhira katundu wake kwa chinzake chofookerapo, ine n'kumathamangira kukalimbitsa chimenecho.

Chimene sindinachikhudze ndi mabuleki. Anali omwe aja a madiramu a mainchesi 10, opangidwira galimoto yopepuka ya matayala ang'ono. Tsiku lina tikutsika phiri lalitali, mkazi wanga ali pambali, katundu ali padenga, phazi langa linayamba kulowa pansi galimoto osamva. Madiramu anali atatentha. Ndinatsitsa magiya mokakamiza, giyabokosi ikukukuta, mpaka tinakaima mungalande m'mbali mwa msewu. Palibe anavulala. Mkazi wanga sanalankhule kanthu, anangotsika n'kukhala pamwala, manja akunjenjemera. Kuchokera tsiku limenelo sanaikwerenso, ndipo sindinamuumirize.

Pamene ndinayamba kulemba yankho lino ndimafuna kunena kuti aliyense ali ndi ufulu wochita zimene akufuna ndi galimoto yake. Ndafika apa, sindinenanso zimenezo mofatsa. Kukweza ndi matayala akuluakulu, kwa ambiri a ife, n'zodyetsa maso a anzathu, ndipo amene amakulimbikitsani kwambiri sadzakhalapo tsiku limene mabuleki adzakane. Mu Sepitembala 1955 ophunzira 6 a ku mayunivesite a Oxford ndi Cambridge ananyamuka ku London pa ma Land Rover awiri aafupi a mainchesi 86, a injini za malita 2, n'kukafika ku Singapore mu Malichi 1956, atadutsa zipululu ndi nkhalango za ku Burma. Ife amene timalowa m'tchire Loweruka n'kubwerako Lamlungu timati sitingapite popanda matayala ofika m'chiuno. Munthu amene sanaphunzire kusankha poponda tayala, ngakhale mutamukwezera galimoto mainchesi 6, adzakanika ndithu, kungoti adzakanikira kutali kumene thandizo silifika.

Koma chinaipha galimoto yanga si zonsezi. Land Rover yoyamba inaonetsedwa ku Amsterdam mu 1948, nkhondo itangotha, chitsulo chikusowa ku Britain, choncho Maurice Wilks, injiniya wa kampani ya Rover, ndi anzake anaipangira thupi la aluminiyamu. Thupi limenelo siligwira dzimbiri, ndipo lingakunamize zaka zambiri. Tchasisi, chimango cha pansi chonyamula galimoto yonse, ndi yachitsulo, yamphako mkati, ndipo matope akalowamo n'kukhala osatsukidwa amasunga chinyezi chaka chonse. Ine ndinkatsuka pamwamba pokha, poonekera anthu. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Tsiku limene makaniko anagogoda ndi nyundo pafupi ndi pokolekera sipuling'i yakumbuyo, nyundo inalowa. Anagogodanso pena, inalowanso. Ndalama zimene zikanagula tchasisi yatsopano zinali zitathera pa winchi imene ndinaigwiritsa ntchito kanayi, ndi pa injini imene inkangothyola zinzake.

Ndinaigulitsa kwa munthu amene anandiuza poyera kuti akufuna injini yokha. Ndinavomera chifukwa ndinali nditatopa, ndiponso chifukwa cha tsiku la paphiri lija. Anabwera ndi lole. Injini yakale ya petulo ija, matayala owonda aja, masipuling'i ake enieni, zonse ndinali nditagulitsa kalekale kuti ndipezere zatsopano, ndiye njira yobwerera inali itatsekeka. Bambo aja amene anandigulitsa galimotoyo sindinawauze. Anandiimbirapo kamodzi kufunsa kuti ikuyenda bwanji, ine n'kuti ili bwino. Bodza limenelo limandivutitsa kuposa ndalama zonse zimene ndinataya.

Ndinagula ina yaikulu, ya masipuling'i opota, yoziziritsa mkati, mabuleki ogwira bwino. Ndilibe nayo dandaulo. Imakwera zitunda popanda ine kudziwa kuti yachita bwanji. Pa 29 Januwale 2016, Land Rover Defender yomaliza ya mtundu wakale itatuluka mufakitale ya ku Solihull ku England, ndinaonera pa intaneti anthu akuitsanzika. Ine maganizo anali pa yobiriwira yofwifwa ija, momwe inalili m'miyezi isanu yoyamba. Ndikamva fungo la oyilo wa giyabokosi, kapena ndikaona ina ikudutsa pamsewu, ndimatembenuka mpaka itazimiririka. Kawiri ndatsatirapo ya munthu wachilendo kuti ndione nambala.

Za Suzuki yanu tsopano

Musaigulitse. Injini yake ya malita 1.3 ndi yaing'ono, koma galimotoyo siifika tani imodzi kulemera, ndipo kupepuka ndi kuwonda kumeneko n'kumene kumaidutsitsa pamene zazikulu zikutitimira. Matayala akuluakulu adzaidyera mphamvu kuposa mmene anadyera yanga, ndipo poti ndi yaifupi komanso yopapatiza, kuikweza kudzaichititsa kupendekeka msanga. Yambani ndi mabuleki, chiwongolero ndi masipuling'i otopa, muwabwezeretse momwe analili. Gulani matayala abwino a m'matope a msinkhu womwewo kapena wokulirapo pang'ono chabe, pampu, geji yoyezera mpweya, fosholo, chingwe chokokera ndi malo olimba ochimangirira. Muiyendetse chaka chathunthu, chilimwe ndi dzinja lomwe, muzilemba malo alionse amene mwakanika ndi chifukwa chake. Ngati pambuyo pake mudzasinthe kanthu, chikhale chomasula ndi sipanala, osati chodula kapena chowotcherera, ndipo chitsulo chilichonse chimene mwachotsa muchipake girizi n'kuchisunga.

Koma zonsezi zisanachitike, Loweruka likubwerali tengani nyundo yaing'ono ndi tochi, mugone pansi pake. Tsukani matope onse, kenako mugogode tchasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka pokolekera masipuling'i, muonenso pansi pa mipando ndi mbali za thupi zozungulira matayala, popeza thupi la yanuyo ndi lachitsulo. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, chodyeka chimangoti phu. Mundilembere zimene mumve.